Kudzitcha mtundu ndi kudzitcha mkazi: zikufanana pati, zikusiyana pati?

A Mkonzi,

Tiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti tithirepo ndemanga pa funso limene limabuka nthawi zonse nkhani ya anthu a transgender, amene amadzidziwa kuti ndi akazi kapena amuna mosiyana ndi thupi limene anabadwa nalo, ikafika pa wailesi kapena pa Facebook. Funsolo ndi lakuti: ngati munthu wobadwa ndi thupi lachimuna angaloledwe kunena kuti ndi mkazi, n'chifukwa chiyani mzungu sangaloledwe kunena kuti ndi wakuda, kapena Mchewa kudzuka m'mawa n'kunena kuti ndi Mngoni? Ambiri mwa ofunsa sayembekezera yankho, amangofuna kutseka pakamwa mnzawo. A mbali inayo nawonso amangoti "zimenezo n'zosiyana" osafotokoza posiyanira pake. Ife tikuona kuti funsoli ndi lomveka, ndipo mayiko angapo analimbana nalo kale m'malamulo, m'makhoti ndi m'maofesi olembera anthu. Zimene anapeza ndi zothandiza kuposa kunyozana.

Mtsutsowu unakula ku United States mu June 2015, pamene nkhani ziwiri zinatuluka motsatizana. Caitlyn Jenner, amene anapambana mendulo ya golide pa masewera a Olympic a 1976 m'gulu la amuna, anaonekera pa chikuto cha magazini ya Vanity Fair ngati mkazi. Patangopita masiku ochepa, makolo a Rachel Dolezal anauza atolankhani kuti mwana wawoyo ndi mzungu mbali zonse ziwiri. Pa nthawiyo Dolezal anali mtsogoleri wa nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, mumzinda wa Spokane, ndipo anthu kumeneko ankamudziwa ngati munthu wakuda. Anatula pansi udindo mwezi womwewo. Kenaka zinadziwika kuti mu 2002 anasumirapo Howard University, sukulu ya anthu akuda, ponena kuti inamusala chifukwa ndi mzungu. Mu 2017 mphunzitsi wa filosofi, Rebecca Tuvel, analemba m'magazini ya akatswiri yotchedwa Hypatia kuti zifukwa zimene timavomerezera Jenner zikutikakamiza kuganiziranso za Dolezal. Akatswiri anzake mazanamazana anasaina kalata yoti nkhaniyo ichotsedwe. Siinachotsedwe, ndipo kwa ife kupsa mtima kwawo sikunayankhe mfundo yake.

Poyamba tichotse muyeso umene sugwira ntchito, woti "kodi akunena kuchokera pansi pa mtima?" Palibe chipangizo choyezera zimenezo. N'kutheka kuti Dolezal amakhulupiriradi zimene amanena. Chofunika kufunsa n'chakuti mawu a munthuyo akunena za ndani, ndipo ndani angawatsimikize.

Munthu akati "ndine Mcherokee" kapena "ndine Mlhomwe", sakunena za iye yekha. Akunena za amayi ake, agogo ake ndi makolo awo, anthu amene anakhalako, anali ndi mayina, anabadwira penapake. Mawuwo angathe kukhala oona kapena abodza posatengera mmene iye akumvera. Komanso akunena za gulu la anthu amoyo, lokhala ndi mafumu ndi malamulo ake, limene lingathe kumulandira kapena kumukana.

Onani mmene a Cherokee Nation, mtundu wa eni nthaka a ku America m'chigawo cha Oklahoma, amachitira. Wofuna kulembedwa ngati nzika ya mtunduwo ayenera kusonyeza kholo lake limodzi, la mzere wachindunji, limene dzina lake lili m'kaundula wotchedwa Dawes Rolls, amene boma la America linalemba kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900. Kenaka ayenera kulumikiza m'badwo uliwonse ndi ziphaso za boma za kubadwa kapena imfa: iye kwa kholo lake, kholo lake kwa agogo, mpaka kufika pa dzina la m'kaundulalo. Mzere ukaduka pa m'badwo umodzi, pempho silidutsa. Iwo safunsa kuchuluka kwa magazi, koma mitundu ina imafunsa: a Navajo amafuna gawo limodzi mwa magawo 4, a Eastern Band of Cherokee gawo limodzi mwa 16. Mitundu yovomerezeka ndi boma ku America ndi yoposa 570, ndipo uliwonse umadziikira lamulo lake. Njirayi ili ndi zilema zake. Amene makolo awo anakana kulembetsa, kapena anali kutali pa nthawi ya kalemberayo, amatsala kunja ngakhale atakhala a mtunduwo.

Apa m'pamene Elizabeth Warren, phungu wa nyumba ya Senate ku America, anapunthwa. Atanyozedwa kwa zaka zambiri pa zonena zake zoti ali ndi makolo a mitundu ya eni nthaka a ku America, monga Acherokee, mu October 2018 anatulutsa zotsatira za DNA zosonyeza kuti mwina anali ndi kholo lotero pakati pa m'badwo wa 6 ndi wa 10 kubwerera m'mbuyo. Samu yake ndi yosavuta. Kwa kholo lililonse umatenga theka, kwa agogo gawo limodzi mwa 4, kenaka mwa 8, mwa 16, mwa 32. Pa m'badwo wa 6 lafika limodzi mwa 64, pa wa 10 limodzi mwa 1,024. A Cherokee Nation anayankha kuti DNA siisankha nzika zawo, ndipo mu 2019 Warren anapepesa. Owerenga amene akuganiza zogula mayeso oterewa pa intaneti adziwe kuti mayesowo amangoyerekeza malovu anu ndi a anthu amene kampaniyo inayeza kale. Angakuuzeni chigawo cha dziko, koma sangalekanitse Mchewa ndi Mmang'anja, ndipo sangakupatseni mfumu.

Nkhani ya woimba Buffy Sainte-Marie ku Canada ikuonetsa kuti magazi ndi kulandiridwa ndi zinthu ziwiri. Banja lina la mtundu wa Cree ku Saskatchewan linamulandira mwamwambo ali wamkulu kale, ndipo silinamutaye. Koma mu October 2023 wailesi ya kanema ya CBC inaonetsa chiphaso chonena kuti anabadwira ku Massachusetts kwa makolo achizungu. Kulandiridwa kuja kunali koona, koma sikunasinthe za amene anamubereka. Boma la Australia limaphatikiza zonsezi m'mafunso atatu pofuna kudziwa ngati munthu ndi Mu-Aboriginal: kodi ndi mbadwa ya anthuwo, kodi iye amadzitcha choncho, ndipo kodi anthuwo amamuvomereza? Kudzitcha ndi limodzi chabe mwa atatuwo.

Ife Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi azungu, chifukwa malamulo athu a ubale ndi omveka kale. Kwa Achewa, Ayao ndi Alhomwe mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume, ndipo ufumu umagwera mwana wa mlongo wake wa mfumu. Kwa Angoni a ku Mzimba ndi Atumbuka ambiri, lobola likaperekedwa mwana ndi wa kwa bambo. Tsono taganizani mwana wa bambo Mtumbuka ndi mayi Mchewa: mbali zonse ziwiri zingathe kumutcha wawo. Mukatembenuza, bambo Mchewa ndi mayi Mtumbuka, mwambo uliwonse umaloza kwa unzake, ndipo mwanayo nthawi zambiri amadzazindikira vutoli pa tsiku logawa munda kapena losankha koika maliro. Akuluakulu saweruza nkhani yotere pofunsa mmene mnyamatayo akumvera. Amafunsa kuti amayi ake ndi mwana wa yani, ukwati unayenda bwanji, ankhoswe anali ndani.

Komabe tisaname kuti mtundu sungalowedwe. Angoni a Zwangendaba amene anawoloka Zambezi mu 1835 ankatenga anthu m'njira monse, Ansenga, Achewa, Atumbuka ndi ena, ndipo zidzukulu za otengedwawo lero zimavina ingoma pa Umthetho ku Hora popanda wozifunsa kuti magazi a ku Natal ndi ochuluka bwanji mwa iwo. Angoni a Gomani ku Ntcheu amalankhula Chichewa ndipo Ungoni wawo sunathe. Kotero munthu amatha kulowa mtundu. Chimene sichitheka ndi kudzilowetsa wekha. Pamafunika eni mtundu, pamafunika zaka, ndipo kawirikawiri amene amakhala mwini weniweni ndi mwana wako, osati iwe. Vuto la Dolezal silinali kukonda chikhalidwe cha anthu akuda ayi. Linali kuloza mwamuna wakuda amene sanamubereke n'kusiya anthu akhulupirire kuti ndi bambo ake, kenaka n'kukhala pa mpando wolankhulira anthu amene tsankho analilandira kuchokera kwa makolo awo ngati cholowa.

Nanga mbali inayi? Munthu wa transgender akati "ndine mkazi", sakunena chilichonse chokhudza agogo ake. Umuna ndi ukazi siziyenda ndi mzere wa banja. Mimba imodzi imatulutsa anyamata ndi atsikana, ndipo palibe mbumba imene ingati ukazi ndi chuma chathu. Ambiri mwa anthu oterewa sakananso mmene thupi lawo linalili pobadwa. Zimene amanena n'zakuti kuyambira kale mmene amadzidziwira sizigwirizana ndi thupilo, ndipo kusagwirizanako kumawasautsa. Madokotala akhala akulemba za vutoli kwa zaka zambiri, ndipo bungwe la WHO, m'kaundula wake wa matenda wa ICD-11 amene anavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022, linalichotsa m'gulu la matenda a maganizo n'kuliika m'gawo la umoyo wokhudza kugonana. Palibe gawo lofanana nalo la munthu wodziona ngati wa mtundu wina. Pa mfundo iyi kuyerekeza kuja kwagwa: mawu odzitcha mtundu ali ndi mboni zimene zingawatsutse, manda ndi ziphaso, pamene odzitcha mkazi mboni yake yaikulu ndi mwini wakeyo.

Koma amene amalekera pamenepa akuthawa theka la nkhani. Pali malo amene zinthu ziwirizi zimafanana kwambiri, ndipo ndi pakhomo polowera phindu kapena chitetezo chimene chinaikidwira gulu linalake. Dzina la mtundu kapena la ukazi lili ngati khadi logulira feteleza wotsika mtengo: likakhala m'thumba mwako palibe amene limamukhudza, koma ukalitulutsa pa depoti, amene ali kumbuyo kwako pa mzere ali ndi ufulu wofunsa ngati ndi lako.

Pa kalembera wa 2018 wa dziko lino, amene anapeza anthu pafupifupi 17.6 miliyoni, wowerenga anthu ankangolemba mtundu umene wauzidwa. Achewa anapezeka 34 pa 100 alionse, Alhomwe pafupifupi 19, Ayao 13, Angoni 10, Atumbuka 9. Palibe amene anafunsidwa umboni, ndipo n'zoyenera, chifukwa yankholo silinalande munthu wina kanthu. Ku Brazil nako kalembera amayenda choncho: munthu amasankha yekha pa magulu asanu a khungu. Zinthu zinasintha pamene lamulo la 2012 linasungira ophunzira ochokera m'sukulu za boma theka la malo m'mayunivesite a boma, gawo lina la malowo likupita kwa akuda, osakanizika ndi eni nthaka, ndiponso pamene lamulo la 2014 linasungira anthu akuda malo 20 pa 100 alionse a ntchito za boma. Madandaulo anachuluka akuti anthu oyera khungu akudzilemba ngati osakanizika. Boma linakhazikitsa makomiti otsimikiza. Malamulo a 2018 a ntchito za boma anati komiti ikhale ya anthu asanu, wopempha aonekere pamaso pawo, zonse zijambulidwe pa kanema, ndipo wokanidwa akhale ndi mwayi wa apilo ku komiti ina ya anthu atatu. Chodabwitsa n'chakuti komitiyo siiyang'ana agogo, imayang'ana khungu, tsitsi ndi nkhope, poti ku Brazil tsankho limatsata maonekedwe. Apa mukuona kuti ngakhale "mtundu" suyezedwa mofanana paliponse: Oklahoma ikufuna ziphaso, Brazil ikufuna nkhope.

Ndipo kutsimikiza kuli ndi ngozi zake. Mu 2007 University of Brasília, imene inkaweruza poyang'ana zithunzi, inavomereza mmodzi wa mapasa ofanana ndendende kuti ndi wakuda n'kukana mnzake. Anzathu a ku South Africa akudziwa kumene njira imeneyi ingafike. Lamulo la 1950 lolembera anthu mwa mitundu linapatsa akalaliki mphamvu yogamula kuti uyu ndi mzungu, uyu ndi mkaladi, mpaka kulowetsa pensulo m'tsitsi la munthu kuti aone ngati igwe. Sandra Laing, wobadwa mu 1955 kwa makolo achibunu, anachotsedwa pa sukulu ya azungu ali mwana chifukwa cha khungu ndi tsitsi lake. Lamulolo linathetsedwa mu 1991. Aliyense wofuna kuti boma lizipima anthu ayambe wakumbukira pensuloyo.

Pa nkhani ya umuna ndi ukazi mayiko agawanikanso pa mzere womwewu. Ku Argentina, kuyambira mu 2012, munthu wamkulu amapita ku ofesi yolembera anthu, n'kupempha kuti dzina, chithunzi ndi chizindikiro cha mwamuna kapena mkazi zisinthidwe, popanda dokotala kapena woweruza. Akafuna kusinthanso kachiwiri m'pamene pamafunika khoti. Ireland inatsata njira yodzinenera wekha mu 2015. Britain inasankha njira yotsimikiza. Pansi pa lamulo la 2004, wopempha ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, kubweretsa malipoti awiri a chipatala, limodzi lochokera kwa katswiri wa vutoli, kusonyeza ndi mapepala monga makalata a kubanki ndi a kuntchito kuti wakhala zaka ziwiri ngati mkazi kapena mwamuna, ndi kulumbira mwalamulo kuti adzakhala choncho mpaka imfa. Ndalama yolipira inatsitsidwa mu 2021 kuchoka pa mapaundi 140 kufika pa 5. Chopinga chachikulu si ndalamayo koma mzere wa kuchipatala, umene umatenga zaka munthu asanaonane ndi katswiri woti alembe lipoti.

Nyumba ya malamulo ya Scotland inavomereza mu December 2022 kuchotsa malipoti a madokotala, koma boma la London linatsekereza lamulolo mu January 2023. M'masiku omwewo munthu wina wopezeka wolakwa pa milandu yogwiririra akazi, amene anayamba kudzitcha mkazi apolisi atamutsegulira kale milanduyo, anayamba wasungidwa m'ndende ya akazi asanasamutsidwe. Nkhaniyo inachitika chifukwa cha ndondomeko ya ndende, osati lamulo latsopanolo, koma inaonetsa poyera kuti amene angagwiritse ntchito molakwika khomo lopanda mlonda si anthu a transgender ambiri aja amene akungofuna kukhala mwamtendere, koma wachinyengo mmodzi. Mu April 2025 khoti lalikulu kwambiri la Britain linagamula kuti m'lamulo loletsa tsankho la 2010 mawu akuti mkazi akutanthauza wobadwa mkazi, ndipo linakumbutsanso kuti lamulo lomwelo likutetezabe anthu a transgender ku tsankho. Ndiye kuti chiphaso chimene wopempha amalandira pansi pa lamulo la 2004 lija chimagwira ntchito pa ukwati ndi pa chiphaso cha kubadwa koma sichitsegula khomo lililonse. Ena akuona kuti chigamulochi n'chankhanza, ena akuti chinachedwa. Kwa ife chofunika n'chakuti oweruzawo sanafunse ngati munthuyo akunena zoona za mumtima mwake. Anafunsa kuti malo amenewa anaikidwira kuteteza chiyani.

Tikupemphanso atolankhani kuti asamaponyemo nkhani zosagwirizana. Caster Semenya, wothamanga wa ku South Africa, si wa transgender. Anabadwa n'kuleredwa ngati mtsikana, ndipo mlandu wake ndi wa mahomoni achibadwa. Barbra Banda wa ku Zambia, amene sanasewere nawo mpikisano wa mpira wa akazi wa mu Africa wa 2022 pa nkhani ya malamulo a mahomoni, nayenso sanasinthe kalikonse. Lamulo limene World Athletics inaika mu March 2023, loletsa m'mipikisano ya akazi othamanga a transgender amene anatha msinkhu ngati amuna, ndi nkhani ina. Kusakaniza zinthuzi kumabweretsa chipongwe pa atsikana athu osewera mpira amene cholakwa chawo ndi minofu basi.

Kwathu kuno lamulo lili mbali imodzi. Lamulo la maukwati la 2015 limati umuna kapena ukazi wa munthu ndi umene anabadwa nawo. South Africa ili ndi lamulo la 2003 lolola kusintha chizindikirochi m'kaundula pakakhala malipoti a madokotala. Ife tilibe lotere. Tiwonge Chimbalanga, amene amadzitcha mkazi, anagamulidwa zaka 14 mu 2010 pansi pa malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha, kenaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamukhululukira ndipo anakakhala ku South Africa. Mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana pempho la Jana Gonani, nayenso wa transgender, loti malamulowo athetsedwe. Kotero mantha akuti mawa mwamuna adzangolengeza kuti ndi mkazi n'kulanda malo m'gawo la 40 pa 100 limene lamulo la 2013 limafuna kuti amuna kapena akazi asatsikirepo polemba ntchito m'boma alibe maziko m'malamulo athu a lero.

Kumene kudzitcha kunatipatsapo mutu ndi mbali inayi, ya kochokera. Pa zaka zimene malo a ku yunivesite ankagawidwa potengera maboma, funso lakuti "kwanu n'kuti?" linasanduka la ndalama ndi tsogolo, ndipo mwana wobadwira ku Ndirande, wa bambo wa ku Rumphi ndi mayi wa ku Mulanje, ankayenera kusankha boma limodzi pa fomu akudziwa kuti lina likhoza kumutsekera khomo. Funso lomwelo likadalipo pa malo a makolo, pa ufumu ndi pa kulembetsa chiphaso cha unzika, pamene a NRB amafuna kuti mfumu kapena mboni zitsimikize kuti munthuyo ndi wa m'mudzi umene watchula. Tingakondwe nyuzipepala yanu itatumiza mtolankhani kwa a T/A angapo a zigawo zonse zitatu kukafunsa mmene amaweruzira mwana wa mitundu iwiri akabwera kudzapempha munda wa agogo ake, ndi umboni umene amafuna asanamupatse.

Ndife owerenga anu,
Zomba